Mabeseni awiri ndi ndowa: kusamala madzi a ana a axolotl

Ana oyamba a axolotl amene ndinalera anafera m'madzi oyera mbee, oti munthu waludzu akanatha kutunga n'kumwa. M'mawa umenewo ndinkachokera ku ntchito ya usiku, kunyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Leicester, ku Britain. Ndisanavule n'komwe jekete ndinakasuzumira m'beseni lawo. Tiana tambiri tinali titagona chammbali pansi, tina titayamba kale kutuwa ngati mpunga wogonera m'madzi. Dzulo lake madzulo tonse tinali tamoyo, mimba zitakhuta bwinobwino. Nditawerenga otsala sanakwane 30, pomwe mazira amene anaswa anali oposa 100.

Sindinawamane chakudya ayi. Ndinachita kuwapatsa chambiri podziwa kuti ndikhala kunja maola 12, ndipo madzi ndinawasiya osasintha poti m'maso ankaoneka abwino. Zomwe ndilembe apazi ndi zimene ndakhala ndikuchita kuyambira tsiku limenelo.

Kwa amene simunamuonepo, axolotl ali ngati mbululu yomwe yamera miyendo inayi koma yakana kusanduka chule. Mutu ndi waphwatalala, kukamwa ngati akumwetulira, ndipo mbali iliyonse ya khosi kuli tinthenga titatu tomwe amapumira. Kwawo ndi ku Mexico, m'ngalande za Xochimilco kumwera kwa Mexico City, dera lokwera mamita oposa 2,200 komwe madzi ake ndi ozizira. Kumeneko atsala pang'ono kutheratu, koma m'nyumba za anthu ndi m'malabu a asayansi ali mbwee, ambiri mwa iwo zidzukulu za kagulu kena komwe kanatengedwa kupita ku Paris m'zaka za m'ma 1860. M'nyumba mwathu analowa chifukwa cha mtsikana wanga, yemwe anawaona mu gemu ya Minecraft mu 2021 n'kuyamba kundisowetsa mtendere. Mayi wina wa kuntchito anatipatsa awiri, uku akulumbira kuti onse ndi amuna. Mu Febuluwale 2022 amuna awiri aja anatidzazira mazira pa masamba onse a pulasitiki a m'thanki.

Ukhondo wa madzi umayambira pa chiwerengero, choncho musalere onse. Wamkazi mmodzi amaikira mazira mazana angapo, nthawi zina mpaka kufika 1,000. Mtima umakana kutaya ngakhale limodzi, ndikudziwa, koma mwana aliyense amene mwasunga ndi madzi ena oti mudzatunge tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ngati mukuyamba kumene, sankhani mazira 20. Ena mugawire anthu odziwa kulera, otsalawo muwaumitse m'firiji kuti afe masiku oyambirira omwewo, mwana asanayambe kuoneka mkati. Omwe mwasankhawo achotseni m'thanki ya makolo pamodzi ndi tsamba lomwe amatirirapo, chifukwa makolowo sadziwa kuti uyu ndi mwana wanga, amangomeza.

Mazira amaswa pakatha milungu iwiri kapena itatu, malinga ndi kuzizira kwa madzi. Dzira lomwe layera n'kumera ubweya ngati thonje lafa, lichotseni lisanapatsire anzake. Mwana akangoswa amakhala wa sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kaudzu kokhala ndi maso basi. Tsiku loyamba ndi lachiwiri sadya, amakhala akumalizitsa chakudya cha m'dzira chomwe chatsalira m'mimba mwake, ndiye chilichonse chimene mungathire masiku amenewo chingovundiramo. Zoterera za mazira zomwe asiya, zichotseni tsiku lomwelo.

Chomwe chimapha ndi amoniya. Ndi fungo lija limakulasani m'mphuno mukalowa m'khola la nkhuku lomwe latha sabata losasesa. Axolotl amatulutsa amoniya kudzera m'tinthenga tija ndi pakhungu, ndipo chilichonse chowola m'madzimo, kaya ndi ndowe, chakudya chotsala kapena mnzawo wakufa, chimawonjezera. M'madzi amoniya alibe mtundu. Akangochuluka pang'ono amawotcha tinthenga topumira, ndipo khungu la nyama zimenezi ndi lofewa, lilibe mamba ngati a chambo, chilichonse chimangolowa. M'thanki yakale yokhala ndi fyuluta, kachipangizo kosefa madzi, mumakhala mabakiteriya omwe amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe sapweteka msanga. M'beseni la ana mulibe mabakiteriya amenewo, ndipo fyuluta simungaikemo chifukwa ikhoza kuwayamwa, komanso madzi othamanga amawatopetsa. Ntchito yonse ya fyuluta imagwera manja anu.

Madzi a mawa ndimatunga lero. Ndili ndi ndowa ziwiri za malita 10 zomwe sizigwira ntchito ina iliyonse, ndipo ndinazilemba zilembo zikuluzikulu nditapeza bambo a m'nyumba muno akufuna kukolopera nayo imodzi. Tungani ku mpopi wa madzi ozizira okha. A ku mpopi wotentha amakhala atadutsa m'boila ndi kukhalitsa m'mapaipi a kopa, ndipo kopa ndi poizoni kwa nyama za mtundu wa achule.

Ife tinakula tikuuzidwa kuti madzi abwino ndi othira klorini, ndipo nyengo ya kolera mayi anga sankalola kuti munthu amwe madzi opanda WaterGuard. Kwa munthu ndi zoona ndithu. Kwa axolotl klorini yemweyo amawotcha tinthenga ngati moto. Ena adzakuuzani kuti ingosiyani madzi agone tsiku limodzi, klorini auluka yekha. Zimatheka ngati ndi klorini wamba, koma makampani ena a madzi kuno ku Britain amathira chloramine, yemwe sauluka ngakhale madziwo agone masiku angapo. Ine sindivutika n'kufufuza kuti kampani yathu ikuthira chiyani mwezi uno, ndimangothira mankhwala ochotsa zonse ziwiri. Ndimagwiritsa ntchito Seachem Prime. Muyezo wake ndi mamililita 5 pa malita 200, ndiye pa ndowa ya malita 10 ndi madontho asanu okha, kabotolo kakang'ono kamatha miyezi yambirimbiri. Mankhwala ena amtunduwu amaikamo aloe vera, ati kuteteza khungu la nsomba. Oweta axolotl ambiri amawapewa, nanenso sindiwagula.

Ngakhale ndathira mankhwala, ndowayo imagonabe usiku wonse m'chipinda momwe muli ana. Chifukwa choyamba n'chakuti madziwo afanane kuzizira ndi a m'beseni. Chachiwiri ndi mpweya. Madzi ongotunga kumene, makamaka nyengo yozizira, mukawasiya pang'ono mumaona timathovu ting'onoting'ono titamatirira m'mbali mwa ndowa. Ana amameza timathovu timeneto poyesa chakudya, kenako mumawapeza akuyandama chagada, kulephera kumira. Madzi akagona, m'mawa ndimangovundula ndi dzanja, timathovu tonse n'kuchoka.

Mabeseni amene ndikunenawa ndi mabokosi a pulasitiki aja osungiramo nsapato, a malita 5 kapena 6. Pansi pasakhale kanthu, mchenga ayi, timiyala ayi, zokongoletsa ayi, chifukwa zonsezo zimangobisa litsiro. Madzi asazame, zala zinayi zopingasa zakwana, kuti ana asavutike kupeza chakudya. Akangoswa ndimaika ana 10 pa beseni. Ndipo gulu lililonse limakhala ndi mabeseni awiri: limodzi muli ana, linalo lavundikiridwa penapake likuuma. Ine sindisintha madzi m'beseni momwe muli ana, ndimasamutsa anawo kupita m'beseni lina tsiku lililonse.

Poyamba sindinkatero. Pambuyo pa maliro aja ndinkangotaya madzi ochuluka n'kuthiramo atsopano, koma ana ankafabe mmodzimmodzi, lero uyu mkuja uyo. Tsiku lina ndinangopisa chala n'kukhula pansi pa beseni. Panali poterera ngati mbale yodyera therere. Ndi mabakiteriya omwe amamanga pansi ndi m'mbali, ndipo tizidutswa ta chakudya ndi ndowe timamatirira pomwepo. Tsono ana a axolotl sakhala m'madzi a pamwamba ngati usipa. Amakhala phee pansi tsiku lonse, mimba ndi tinthenga zitagunda pa zoterera zomwezo. Zinali ngati kumusambitsa mwana tsiku ndi tsiku n'kumakamugonekanso pa mphasa yomwe wakodzerapo. Chiyambireni kuwasamutsira m'beseni lotsuka ndi louma, imfa za apo ndi apo zija zinatha.

Kasamutsidwe kake ndi kotere. Ndimathira madzi a m'ndowa m'beseni louma lija, n'kuviika choyezera kutentha m'mabeseni onse awiri kuti asasiyane kuposa digiri imodzi kapena ziwiri. Chida changa ndi turkey baster, kachubu ka pulasitiki kokhala ndi mpira kumapeto, komwe azungu amathirira msuzi pa nkhukundembo ya Khirisimasi. Kukamwa kwake ndinadulako pang'ono kuti kukule, n'kusalaza ndi chopalira zikhadabo kuti kusacheke. Finyani mpirawo chubu chili kunja kwa madzi. Mukafinyira m'madzi mumavundula litsiro lonse, ana n'kubalalika ngati nyerere. Ikani kukamwa kwa chubu kutsogolo kwa mutu wa mwana, masulani mpira pang'onopang'ono, ndipo iye amangoti lowu. Pokamutulutsa, kukamwa kwa chubu kumire kaye m'madzi atsopanowo, musamugwetse kuchokera m'mwamba. Yesetsani kuti madzi akale opita nawo akhale ochepa. Neti musayerekeze, tinthenga ndi timiyendo timakodwamo. Akapitirira masentimita atatu chubu chimawachepera, ndiye ndimawatapa ndi chipande cha pulasitiki.

Werengani ana musanataye madzi akale. Akuda amaoneka bwino mukayala pepala loyera pansi pa beseni, koma oyera aja amabisala ngati mulibe, pamafunika kuyala nsalu yakuda. Ine ndinatayirapo mmodzi m'sinki, ndipo mtsikana wanga, yemwe ankawawerenga m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu, anandifunsa kuti, "Amayi, dzulo anali 10, wina wapita kuti?" Ndinasowa poyambira.

Beseni lakale litsukeni ndi madzi otentha ndi kasiponji kakekake, kosatsukira mbale. Sopo asayandikire. Sopo wotsalira pang'ono, woti inu simungamuone, ndi wokwanira kuwapha. Khulani pansi ndi m'makona mpaka chala chizimva kuti sipakutereranso, tsukuluzani, livundikireni liume mpaka mawa. Manja anunso muwaganizire. Ntchito yangayi timapaka sanitayiza ndi mafuta a m'manja usiku wonse, choncho ndisanagwire chilichonse cha ana ndimatsukuluza manja ndi madzi okhaokha kwa nthawi ndithu, mpaka m'zigongono.

Tsopano nkhani ya chakudya, pomwe ine ndinagwera. Ana a axolotl sadya chinthu chosayenda. Chakudya chomwe ambiri timayambira ndi brine shrimp ongoswa kumene, tizilombo ta m'madzi a mchere tating'ono ngati fumbi lofiirira. Mazira ake amagulitsa ouma m'kachitini, mumaswetsa nokha. Dulani kumunsi kwa botolo la malita awiri, lizondotseni, thiranimo lita imodzi ya madzi ndi magalamu 25 mpaka 30 a mchere wopanda ayodini, theka la supuni ya tiyi ya mazira, ndi kapaipi kochokera ku pampu ya mpweya kuti madzi azibwata. Pamalo pofunda, cha m'ma digiri 26 mpaka 28, amaswa pakatha tsiku limodzi kapena tsiku ndi theka. Khalani ndi mabotolo awiri osinthana kuti tsiku lililonse pazikhala ongoswa kumene. Bambo a m'nyumba muno atamva kubwata kwa mabotolowo usiku anati, "Mayi a mwana, kodi mwayamba kutcheza kachasu?"

Vuto la tizilomboti n'lakuti kwawo ndi m'madzi a mchere. M'madzi wamba timafa pakangotha maola ochepa, ndipo tikafa timamira pansi pomwe pagona ana n'kuyamba kuwola. Ndi mitembo zikwizikwi yosaoneka bwino ndi maso, ndipo madzi a pamwamba amakhala adakali mbee. Usiku uja ndinathira supuni yathunthu n'kuchoka, ndipo pofika m'bandakucha ana anga anali atagona pa manda.

Ndiye ndondomeko yake isasokonekere: kudyetsa kaye, kusamutsa pambuyo. Mukasamutsa kaye n'kudyetsa m'madzi atsopano, mwadetsa madzi omwe agonemo. Ine ndikafika m'mawa cha m'ma 8 koloko ndimadyetsa, kenako ndimasamba, kumwa tiyi, kugona pang'ono. Alamu imandidzutsa 11 koloko, ndimasamutsa onse, n'kubwereranso kukagona. Madzulo ndimawapatsa kochepa, ndipo pakatha maola awiri mtsikana wanga amayamwa zotsala zonse ndi chubu chija. Akawalitsa tochi pakona imodzi ya beseni, tizilombo tamoyo timasonkhana pa kuwalapo, n'kungotiyamwa kamodzi. Tsiku lomwe ndikudziwa kuti madzulo kulibe wochotsa, ndimathira daphnia ang'onoang'ono, nthata za m'madzi zomwe kwawo ndi m'madzi wamba, choncho zimakhalabe zamoyo mpaka zitadyedwa. Daphnia akasowa sindidyetsa n'komwe madzulowo. Kugona ndi njala usiku umodzi sikunandipherepo mwana.

Brine shrimp musawathire m'beseni ndi madzi awo a m'botolo, muli mchere ndi litsiro lambiri. Zimitsani pampu, dikirani mphindi 5 mpaka 10. Makoko a mazira amayandama pamwamba, mazira osaswa amamira pansi penipeni, amoyo amasonkhana cha kumunsi ngati mwawalitsako tochi ya foni. Yamwani amoyowo, asefeni pa kansalu kopyapyala, atsukuluzeni ndi madzi a m'ndowa, ndipo muthire m'beseni. Makoko aja asalowemo chifukwa sagayika, amatha kutseka m'mimba mwa mwana. Muyezo wa chakudya mudzaudziwira pa mimba. Ana amenewa mimba zawo zimaonekera mkati, ndipo akakhuta zimafiira ngati papaya lakupsa. Ngati mimba zafiira koma tizilombo tidakali yakaliyakali m'madzi, mwathira tambiri, mawa muchepetse.

Popeza maso amanama, gulani zoyezera. Ine ndili ndi API Freshwater Master Test Kit, ya madontho, osati timapepala toviika tija. Poyeza amoniya mumathira mamililita 5 a madzi m'kachubu ka galasi, madontho 8 a botolo loyamba, 8 a lachiwiri, kukhutchumula, n'kudikira mphindi 5. Akakhala achikasu ndiye kuti mulibe. Akayamba kubiriwira ngati ndimu losapsa, amoniya alimo. Yezani madzi akale nthawi yomwe mukufuna kusamutsa, chifukwa ndi pomwe amakhala oipitsitsa, ndipo ndi pomwe mungadziwe ngati kamodzi pa tsiku kakukwanira. Akabiriwira, gawani anawo m'mabeseni ambiri kapena yambani kusamutsa kawiri. Kamodzikamodzi muziyezanso a m'ndowa, chifukwa komwe amathira chloramine madzi a ku mpopi omwewo amatha kuonetsa amoniya pang'ono. Za pH, muyezo wa asidi m'madzi, musadwale nazo mutu. Pakati pa 6.5 ndi 8 amakhala bwino, ndipo mankhwala okweza kapena kutsitsa amangowasokoneza. Ingodziwani kuti pH ikakwera, kapena madzi akafunda, amoniya yemweyo amaluma kwambiri. Madzi aja amasiya zoyera m'ketulo ndi omwe axolotl amawakonda, choncho musavutike n'kugula madzi otcheza (distilled) a m'botolo kapena kutchera a mvula, alibe michere yomwe thupi lawo limafuna.

Anawo amanenanso okha madzi akaipa. Tinthenga timapindikira kutsogolo, nsonga ya mchira imakhota ngati mbedza, amakana kudya, ena amathamangathamanga popanda chowathamangitsa. Pena mumaona ubweya woyera ngati chuku pa tinthenga kapena pa bala. Mukaona zimenezi musathamangire mankhwala a nsomba, ambiri ali ndi kopa ndi zina zomwe khungu la axolotl silipirira. Samutsirani onse m'madzi atsopano nthawi yomweyo, wodwalayo mumuike payekha, ndipo muzimusamutsa kawiri pa tsiku. Wakufa achoke mukangomuona, m'kabeseni kotere mtembo umodzi umaipitsa madzi onse usanafike madzulo.

Kutentha ndi mdani wina. Axolotl amafuna digiri 16 mpaka 18. Pa 20 ana amapirira, koma madzi akafika 24 n'kukhala pamenepo masiku angapo, ndiye mwayamba kuwataya. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, zinthu zimawola msanga, ndipo beseni losazama limafunda mwachangu kuposa thanki. Pa 19 Julaye 2022, tsiku lomwe ku Coningsby m'dera la Lincolnshire kunatentha mpaka digiri 40.3, ine ndinali nditatsala ndi ana asanu ndi mmodzi, ena nditagawa. Ndinawasamutsira pansi m'bafa, pa matailosi, makatani onse otseka. Mabeseni ndinawakhazika m'chibeseni china chachikulu chochapiramo, n'kuthira madzi mozungulira, n'kuponyamo mabotolo a madzi oundana, ndipo fani inkapemerera pamwamba pa madzi usana ndi usiku. Botolo loundana musaliponye m'beseni momwe muli ana, madzi amazizira mwadzidzidzi kenako n'kufundanso, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneko kumawadwalitsa. Masiku amenewo ndinkadyetsa pang'ono n'kumasamutsa kawiri. Onse anapulumuka. Achemwali anga a ku Salima ataona zithunzi anati ndidzawatengereko awiri ndikamabwera. Ndinangoseka, ndi dzuwa la Okutobala la kunyanja lija angafike Lachitatu?

Miyendo yakutsogolo imamera pakatha milungu iwiri kapena itatu, yakumbuyo imachedwa milungu ina ingapo. Nthawi imeneyi ndi ya nkhondo. Maso awo saona bwino, chilichonse choyenda pafupi ndi kukamwa amangoti khwathu, kaya ndi mwendo wa m'bale wake. Kamodzi pa sabata, posamutsa, ndimawasankha potengera msinkhu, akuluakulu paokha, ang'onoang'ono paokha, ndipo chiwerengero pa beseni chimanka chitsika: 10 aja amakhala asanu, kenako atatu. Wolumidwa mwendo musamulire, umameranso wonse ndi zala zomwe, bola madzi akhale aukhondo kuti bala lisagwire chuku. Akafika masentimita atatu kapena anayi ndimayamba kuwazoloweza bloodworm wa m'firiji, timphutsi tofiira toundana, kenako nyongolotsi zodula tizidutswa. Apa litsiro limasintha mtundu. Bloodworm muzimusungunula m'kakapu n'kumutsukuluza, madzi ake ofiira aja asalowe m'beseni. Ndowe nazo zimakula, zimakhala ngati kambewu ka mpunga wakuda, ndipo mukazigwira mwamphamvu ndi chubu zimaphulika n'kumwazika beseni lonse. Ziyamweni modekha mukangoziona, osadikira nthawi yosamutsa.

Ntchito ya mabeseni imatopetsa, ndipo imatha pokhapokha thanki ikakonzeka. Kukonzeka kwake ndi mabakiteriya aja, omwe amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi itatu kuti amange mu fyuluta yatsopano. Choncho yambani kukonza thanki sabata yomwe mazira aswa, osati tsiku lomwe mwatopa. Njira yachidule, ngati thanki ya makolo ili bwino, ndi kugula fyuluta ya siponji n'kuisiya ikugwira ntchito m'thanki ya makolowo kwa mwezi wathunthu, kenako n'kuisamutsira m'thanki ya ana ili yonyowa. Fyuluta ya siponji ndi yabwino chifukwa siithamangitsa madzi. Ine ndimawalowetsa m'thanki miyendo yonse inayi itamera, atafika masentimita 7 kapena 8. Sabata ziwiri zoyamba yezani tsiku lililonse: amoniya akhale pa 0, nitrite pa 0, madzi a m'kachubu koyezera nitriteyo akhale obiriwira ngati kumwamba osati ofiirira, ndipo nitrate asapitirire 40, ngakhale ine ndimafuna akhale cha m'ma 20. Chimodzi chikangokwera, abwezereni m'mabeseni mpaka thanki ikhazikike, palibe manyazi pamenepo.

M'thanki simutayanso madzi onse. Kamodzi pa sabata chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, mukuyamwa pansi ndi paipi, n'kubwezeramo a m'ndowa othira mankhwala aja. Siponji ya fyuluta musaitsukire pa mpopi, klorini apha mabakiteriya onse amene mwawadikira mwezi wathunthu. Ifinyireni m'madzi akale omwe mwachotsa m'thankimo. Pansi pakhalebe popanda timiyala, chifukwa axolotl amadya moyamwa ndipo mwala uliwonse wochepa kuposa mutu wake amameza. Mchenga wosalala ukhoza kulowa akadzakula kupitirira masentimita 15.

Ana akakuchulukirani, musaganize zokawataya mu mtsinje wa Soar kapena m'ngalande iliyonse. Kuno lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kutayira kutchire nyama zomwe kwawo si kuno. Funsani ku mashopu a nsomba zoweta kapena kwa oweta anzanu adakali ang'ono, chifukwa kupeza anthu 20 okhala ndi thanki yokonzeka si ntchito ya sabata imodzi.

Madzi akale a m'thanki ndi a m'mabeseni sinditaya. Nitrate uja ndi yemwe ali mu feteleza wa CAN amene timabereketsera chimanga kumudzi, ndiye ndimathirira mpiru ndi nkhwani zomwe ndinadzala m'zidebe kuseri kwa nyumba, ndipo masamba ake amachita kuda bii. A m'botolo la brine shrimp okha ndi omwe amapita m'sinki. Ndinathirirapo nawo kamodzi mosaganiza, mchere uja unandiwotchera nkhwani chidebe chonse.